Timabogi Tosunga Mbiri ya Sitima za Katundu

M'nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale za njanji, chimene chimakopa alendo ndi mutu wa sitima. Ana amafuna kukwerapo, akuluakulu amajambulitsapo zithunzi, ndipo ndalama zokonzera zikapezeka zimayamba kupita kumeneko. Mabogi a katundu, amene ndiwo ankabweretsa ndalama zochuluka ku makampani a njanji, kawirikawiri amaimikidwa kuseri, pamtetete, mpaka dzimbiri litawamaliza. Ambiri sanafike n'komwe ku malo oterewa. Atatha ntchito anadulidwadulidwa n'kugulitsidwa monga zitsulo zakutha, ndipo a matabwa ankayamba atenthedwa kuti patsale chitsulo chokha.

M'dziko la America, kumene njanji inafalikira kuposa kwina kulikonse, muli gulu la anthu amene anadzipereka kuti mabogi amenewa asaiwalike. Ena ndi aphunzitsi, ena madokotala, ena anapuma pa ntchito ya njanji. Madzulo akaweruka amakhala patebulo n'kumapanga timabogi totalika ngati chikhatho cha munthu, koma tofanana ndi bogi lenileni mpaka nambala yake, chitseko chake ndi zigamba zake. Wongodutsa angaganize kuti ndi zidole. Koma kuti kabogi kamodzi katheke, mwini wake amakhala atafufuza m'mabuku, m'mapulani ndi m'zithunzi kwa miyezi, ndipo kufufuza kumeneku kwapulumutsa zolembedwa zambiri zimene zikanatayidwa kudzala.

Bogi lonyamula chilichonse

Kwa zaka zoposa 100, bogi lodalirika ku America linali lija amati boxcar: bokosi lalikulu lofolera, lokhala ndi chitseko chokankhira kumbali mbali zonse ziwiri. Linkanyamula ufa, nsapato, matabwa, mapepala, mipando, ngakhale magalimoto. Nyengo yokolola ikafika, ankatseka khomo lake ndi matabwa n'kuthiramo tirigu kapena chimanga chosaika m'matumba. Mabogi oyambirira anali a matabwa okhaokha, ndipo pansi pake ankamangapo ndodo zachitsulo zokungika kuti pakati pasagwe. Pamene sitima zinkatalika ndi kulemera, matabwa anayamba kulephera. Chitsulo chinalowa pang'onopang'ono, kuyambira pa chimango cha pansi, kenako kumapeto ndi padenga, pomaliza m'mbali.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inafulumizitsa kusinthaku. Mu December 1917 boma la America linatenga ulamuliro wa njanji zonse kudzera mu bungwe la United States Railroad Administration, chifukwa katundu wa nkhondo anali atapanikizana m'madoko a kum'mawa. Bungweli linajambula mapulani ofanana ndipo linaitanitsa mabogi pafupifupi 100,000 amene linagawira makampani osiyanasiyana. Njanji zinabwezedwa kwa eni ake mu March 1920, koma anthu anali ataona ubwino wokhala ndi mabogi a miyeso imodzi, amene zipangizo zake zingapezeke pa shedi iliyonse.

Mu 1924 kampani ya Pennsylvania Railroad inayamba kupanga bogi lachitsulo lotchedwa X29, ndipo pofika 1934 inali itapanga pafupifupi 30,000. M'kati mwake linali lotalika mamita 12.3 ndipo kuchokera pansi kufika kudenga linali mamita 2.6. Mu 1937 bungwe la makampani a njanji, la Association of American Railroads, linavomereza pulani ina ya utali womwewo koma ya denga lokwera mamita 3. M'nthawi ya nkhondo yachiwiri chitsulo chinasowa, kotero mabogi ena anapangidwanso ndi matabwa m'mbali. Nkhondo itatha, mu 1947, kampani ya Pullman-Standard inatulutsa bogi la PS-1, limene malata ake a m'mbali ankawotcherera m'malo mowakhoma ndi mariveti, ija misomali yachitsulo ya mitu yobulungira.

Chinthu china chofunika kuchimvetsa n'chakuti mabogi sankakhala kwawo. Bogi likapakiridwa ku Philadelphia linkatha kudutsa pa njanji za makampani anayi kapena asanu mpaka kukafika ku California, ndipo kampani imene inali nalo tsiku limenelo inkalipira mwini wake ndalama ya tsiku. Choncho sitima imodzi inkakoka mabogi a eni ambiri, a misinkhu yosiyana, aatali ndi aafupi mosakanikirana. Munthu wofuna kuonetsa sitima ya mu 1950 mokhulupirika ayenera kudziwa mabogi a dziko lonse, osati a kampani imodzi yokha imene amaikonda.

Tizitsulo tonena za miyoyo ya anthu

Tizitsulo tambiri timene opanga timabogi amavutika nato tinaikidwa pa mabogi enieni anthu atapweteka. Kale mabogi ankalumikizidwa ndi unyolo umodzi ndi chikhomo. Wantchito ankaima pakati pa mabogi awiri, n'kugwira unyolowo ndi dzanja pamene bogi lina likubwera, kenako n'kuponya chikhomo. Akachedwa pang'ono, zala zinkaduka, ndipo ena ankapanidwa mpaka kufa. Mabuleki nawonso ankamangidwa ndi manja, bogi lililonse palokha. Woyendetsa akaliza wezulo, amuna ankathamanga pamwamba pa madenga sitima ikuyenda, usiku, mvula kapena chisanu chili tsaa, kukapotokola chiwongolero cha buleki.

George Westinghouse anapeza buleki yoyendera mpweya mu 1869, ndipo Eli Janney analembetsa mu 1873 cholumikizira chokolana chokha, chooneka ngati manja awiri opinda zala. Koma makampani anazengereza kuika zimenezi pa mabogi a katundu chifukwa cha mtengo wake. Panafunika lamulo la Safety Appliance Act la mu 1893, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1900. Mu 1911 boma linakhazikitsanso malo ndi miyeso ya zogwirira, makwerero ndi popondera. Kuyambira pamenepo wantchito ankadziwa kuti akatambasula dzanja mumdima apeza chogwirira pamalo pomwepo, bogilo likhale la kampani iliyonse.

Malamulo oterewa ndiwo amathandiza wofufuza kudziwa chaka cha chithunzi chimene palibe analembapo deti. Buleki ya mtundu wa AB inayamba mu 1933, ndipo yakale ya mtundu wa K inaletsedwa pa mabogi odutsa m'makampani ena mu 1953. Mabogi olembedwa malonda m'zilembo zikuluzikulu, otsatsa nyama, batala kapena mowa, anatha cha m'ma 1937 potsatira chigamulo cha bungwe la boma loyang'anira za mtengatenga. Kanjira ka pamwamba pa denga kanaleka kuikidwa pa mabogi atsopano mu 1966. Timapepala ta mizere yamitundumitundu towerengedwa ndi makina tinayamba kumatidwa mu 1967 ndipo tinasiyidwa patatha zaka pafupifupi 10, chifukwa fumbi likatikuta makina sankatha kutiwerenga. Kabogi kokhala ndi buleki ya K pamodzi ndi kapepala ka mizere kakunena bodza, ngakhale kapakidwe penti mokongola chotani.

Mabogi a madzi oundana

Mabogi amene amakondedwa kwambiri ndi ofufuza ndi aja oziziritsa. Cha m'ma 1878 wamalonda a nyama wa ku Chicago, Gustavus Swift, analemba ntchito injiniya Andrew Chase kuti amupangire bogi lotha kufikitsa nyama ku mizinda ya kum'mawa isanawole. Nzeru yake inali yosavuta kumva: makoma ochindikala osalowa kutentha, madzi oundana m'zipinda zake, ndi mpweya wozizira wozungulira pakati pa katundu.

Kampani ya Pacific Fruit Express, imene inakhazikitsidwa mu 1906 ndi makampani a Union Pacific ndi Southern Pacific, inayamba ntchito mu 1907 ndi mabogi 6,600, ndipo pa nthawi ina inafika pokhala nawo pafupifupi 40,000. Bogi lililonse linkalandira matani pafupifupi 5 a madzi oundana kudzera m'tizitseko ta padenga, ndipo katundu akafuna kuzizira kwambiri ankathiramonso mchere. M'njira munali nsanja zazitali, monga ya ku Roseville ku California, pamene amuna ankakankha zibuma za madzi oundana ndi ndodo zangowe, kuziswa ndi kuzigwetsera m'mabogi usana ndi usiku. Chifukwa cha ntchito imeneyi alimi a ku California ankagulitsa malalanje, mphesa ndi letesi ku New York, mtunda wa makilomita oposa 4,000. Zigwa zathunthu zinasanduka minda ya zipatso chifukwa msika unali utafikirika.

Makina oziziritsa ndi malole akuluakulu analanda ntchitoyi, ndipo kuthira madzi oundana kunatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Nsanja zija zinagumulidwa. Mu 1992 Anthony Thompson, Robert Church ndi Bruce Jones anatulutsa buku lalikulu la mbiri ya kampaniyi, ndipo opanga timabogi ndiwo ena mwa anthu amene amaligwiritsa ntchito kwambiri.

Kuchepetsa ka 87

Timabogi timapangidwa pa milingo yodziwika. Mlingo wofala kwambiri ndi wa HO, pamene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87. Palinso wa O wochepetsa ka 48, wa S wochepetsa ka 64 ndi wa N wochepetsa ka 160. Bungwe la National Model Railroad Association, limene linayamba mu 1935 ku Milwaukee, ndilo linagwirizanitsa miyeso kuti kabogi kopangidwa ndi kampani ina kathe kuyenda pa kanjanji ka kampani inanso.

Pa mlingo wa HO, njanji ya mamilimita 1,435 pakati pa zitsulo zake imakhala ya mamilimita 16.5. Bogi la mamita 12.3 limakhala la masentimita 14. Gudumu la masentimita 84 silikwana n'komwe sentimita imodzi. Chogwirira chochindikala mamilimita 19 chimasanduka kawaya ka mamilimita 0.2. Kulakwitsa ndi milimita imodzi yokha kuli ngati kulakwitsa ndi masentimita pafupifupi 9 pa bogi lenileni. Kusiyana kwa denga la X29 ndi la bogi la mu 1937 kumangokhala mamilimita 5, komatu diso la munthu wozolowera limakuona nthawi yomweyo, monga mmene mlimi amasiyanitsira mbewu ziwiri za chimanga zimene mlendo angati n'zofanana.

Pali zina zimene sizilola kuchepetsedwa mokhulupirika. Kabogi kopepuka kwambiri kamaguluka pa njanji pokhota, kotero bungwe lija limalangiza kuti kabogi ka HO kalemere magalamu 28, kuwonjezapo magalamu 14 pa masentimita 2.5 alionse a utali wake. Kabogi wamba kamalemera magalamu pafupifupi 110, ndipo kulemerako kumabisidwa m'kati. Magudumu ogulitsidwa m'sitolo amakhalanso otambalala kuposa mlingo wake kuti asavute kuyenda. Ena amene safuna kunyengerera amatsata njira ya Proto:87, yopanga magudumu ndi njanji pa muyeso weniweni, ngakhale kuti imafuna kanjanji koyalidwa mosamala kwambiri.

Chikomekome cha nkhuyu

Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, makampani monga Athearn ankagulitsa timabogi ta pulasitiki totsika mtengo, tosavuta kulumikiza, ndipo anthu miyandamiyanda anayambira pamenepo. Vuto linali lakuti chikombole chimodzi n'chodula, kotero thupi limodzi ankalipaka penti ndi mayina a makampani ambirimbiri, kuphatikizapo amene sanakhalepo ndi bogi lotero. Makwerero ankaumbidwa pamodzi ndi khoma, ndipo zitseko zinkakhala ndi tizitsulo tokula mopitirira. Kwa wosewera zinalibe kanthu. Kwa wofuna mbiri chinali chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 panabuka anthu amene anayamba kufunsa kuti bogi lenileni linali lotani. Makampani ang'onoang'ono monga Westerfield ndi Sunshine Models anayamba kuumba timabogi ndi resin, mankhwala amadzimadzi amene amauma n'kulimba akathiridwa m'chikombole cha labala. Njira imeneyi ndi yotsika mtengo poyamba, kotero inatheka kupanga ngakhale bogi limene ogula ake ndi ochepa. M'bokosi ankaikamonso pepala la mbiri ya bogilo. Misonkhano ya anthu otere, monga umene unkachitikira ku Naperville m'chigawo cha Illinois kuyambira m'zaka za m'ma 1990, inasiyana ndi ina chifukwa cholinga chake sichinali mpikisano. Munthu amaika kabogi kake patebulo pamodzi ndi chithunzi cha bogi lenileni, anzake n'kumafunsa ndi kukonza. Makampani akuluakulu ataona kuti ogula achenjera, nawonso anayamba kufunsira nzeru kwa ofufuzawa asanaseme zikombole zatsopano.

Umboni umachokera kuti

Wopanga kabogi kolondola amayamba ndi kusankha bogi limodzi, la nambala imodzi, m'chaka chimodzi. Akatero amatsegula buku la Official Railway Equipment Register, limene linkatuluka kangapo pachaka ndipo linkalemba mabogi a kampani iliyonse: manambala, miyeso ya m'kati ndi kunja, kukula kwa khomo, kulemera kwa katundu wololedwa, ndi kuchuluka kwa amene anali akugwirabe ntchito. Poyerekeza mabuku a zaka zotsatizana, munthu amaona mtundu wa bogi ukuchepa mpaka kutheratu. Mapulani amapezeka m'mabuku a Car Builders' Cyclopedia, amene anayamba mu 1879 ndi dzina lakuti Car Builders' Dictionary.

Komabe pulani imangonena zimene injiniya ankafuna. Zimene zinachitikadi zimaoneka pa chithunzi. Bogi la X29 ndi chitsanzo chabwino. Madzi ankakhazikika m'munsi mwa makoma ake, malata n'kudyeka, ndipo amisiri a m'mashedi ankakhomapo zigamba zazitali m'munsi monsemo. Pa mapulani oyambirira zigambazi palibe, koma pa zithunzi za m'ma 1950 zimaoneka pa mabogi ambiri. Kabogi ka X29 kosonyeza zaka zimenezo kopanda zigamba kamafuna umboni wake.

Zilembo zazing'ono za pakhoma nazonso ndi mboni. Bogi linkakwezedwa pa sikelo pakapita zaka zingapo, ndipo ankalembapo kulemera kwake lili lopanda kanthu, chidule cha siteshoni ndi mwezi ndi chaka. Ankalembanso tsiku limene anathira mafuta m'mabokosi a m'magudumu, chifukwa bokosi louma linkatentha mpaka kuyaka moto. Makalaliki a m'mayadi ankalembapo ndi choko kumene bogi likupita. Zonsezi opanga timabogi amazitsanzira.

Nkhani ya penti ndiyo yovuta koposa, popeza zithunzi zambiri zakale n'zopanda mtundu. Mabogi ambiri ankapakidwa penti yofiirira, yotsika mtengo, koma kampani iliyonse inali ndi kufiirira kwake, ndipo dzuwa ndi mwaye wa malasha zinkausintha. Apa ndi pamene zithunzi za Jack Delano zili zamtengo wapatali. Mu 1942 ndi 1943, wojambulayu anatumidwa ndi boma kukajambula ntchito ya njanji m'nthawi ya nkhondo. Anajambula m'mayadi a ku Chicago, ndipo mu March 1943 anakwera sitima za katundu za kampani ya Santa Fe mpaka ku California. Zina anajambula ndi filimu yamitundu ya Kodachrome. Zithunzizi zikusungidwa ku Library of Congress ku Washington, ndipo aliyense angathe kuziona pa intaneti. Zimaonetsa mizere ya mabogi, lililonse ndi kufiira kwake, komanso nkhope za amuna ndi amayi amene ankawasamalira.

Zambiri mwa zolembedwa za makampani zinapulumuka chifukwa cha anthu odzipereka. Pennsylvania Railroad inaphatikizidwa ndi New York Central mu 1968, kampani yatsopanoyo inagwa mu 1970, ndipo zotsala zake zinalowa mu Conrail mu 1976. Pa kusintha kotere mapepala akale amakhala oyamba kusowa mwini. Lero bungwe la Pennsylvania Railroad Technical and Historical Society limasunga mapulani ambiri m'siteshoni yakale ya ku Lewistown, ndipo mapulani ochuluka a kampani ya Pullman ali ku Illinois Railway Museum.

Patebulo la mmisiri

Umboni ukakwana, ntchito ya manja imayamba. Zida zake ndi zochepa: kampeni kakuthwa, tupa, timisomali toboolera toonda ngati singano, kopanira, guluu ndi galasi lokulitsa. Mmisiri amapala makwerero oumbidwa, n'kuboola timabowo, n'kupinda kawaya kamodzikamodzi. Pansi pa kabogi amaikapo thanki ya mpweya, mapaipi ndi ndodo za buleki, ngakhale kuti zambiri sizidzaoneka kabogiko kakaima pa njanji. Ngati denga kapena chitseko sichikugwirizana ndi chithunzi, amadula cha kabogi kena n'kulumikiza. Mariveti amagulitsidwa pa kapepala komata, kadontho kalikonse kosakwana theka la milimita.

Masiku ano ena amajambula kabogi pa kompyuta n'kukatulutsa ndi makina osindikiza zinthu zogwirika, aja a 3D. Makinawa achepetsa mtengo ndi nthawi, koma amatulutsa chimene apatsidwa. Wojambula akalakwitsa muyeso, cholakwacho chimachulukana mwa aliyense amene watenga pulaniyo.

Pomaliza pamabwera penti, zilembo, kenako kukalambitsa. Mmisiri amathira mwaye padenga, fumbi m'munsi, mafuta m'magudumu, dzimbiri pamene chitseko chinkakhula khoma. Woyamba kumene amakonda kuchulutsa dzimbiri, koma wodziwa amayang'ana chithunzi kaye, chifukwa bogi lotuluka m'shedi chaka chatha silifanana ndi limene latha zaka 10 osapakidwa. Kabogi kamodzi kangadye masabata angapo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njanji yopapatiza ya kuno

Wofuna kuchita zomwezi ndi mabogi a kum'mwera kwa Africa amakumana ndi vuto pa chiyambi penipeni. Njanji zikuluzikulu za ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa, pamodzi ndi ya TAZARA, ndi za mamilimita 1,067. Pochepetsa ka 87 pamafunika kanjanji ka mamilimita 12.3, osati 16.5. Kampani ya Lima ya ku Italy inkapanga timasitima ta ku South Africa pa mlingo wa HO, koma toyenda pa kanjanji ka 16.5, kotero miyendo yake inali yotangadza kuposa zenizeni. Ofuna kulondola ali ndi njira ziwiri: kugwiritsa ntchito kanjanji ka mamilimita 12 pa mlingo wa HO, kapena kuchepetsa ka 64 n'kuyendetsa pa kanjanji ka 16.5, kamene pamenepo kamaimira mamilimita 1,056. Njira yachiwiriyi ndi yofala ku New Zealand, kumene njanji ndi yopapatiza chimodzimodzi.

Nkhani zoti mabogi a kuno anene zilipo zambiri. Njanji ya Shire Highlands Railway inafika ku Blantyre kuchokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, mu 1908. Mpaka mlatho wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, katundu wopita ku Beira ankawoloka Zambezi pamadzi. Njanji inafika ku Salima mu 1935, inalumikizidwa ndi ya ku Nacala mu 1970, ndipo inafika ku Mchinji mu 1980. M'mabogi ake munadutsa fodya, tiyi, thonje, mtedza ndi feteleza. Kumadzulo, mlatho wa pa Victoria Falls wa mu 1905 unanyamula malasha a ku Hwange kupita ku migodi ya ku Copperbelt, ndi mkuwa pobwerera. Kanjanji ka ku Mulobezi kankatulutsa matabwa olimba a m'nkhalango za kumadzulo kwa Zambia. Ngakhale cholumikizira cha Janney chinafika kuno: njanji za ku South Africa zinayamba kuchiika mu 1927 m'malo mwa chija cha unyolo ndi chikhomo.

Zotsala zilipo ndithu. Ku Livingstone kuli nyumba yosungiramo zakale za njanji pamalo pamene panali shedi ya Zambezi Sawmills, ku Bulawayo kuli ina imene inatsegulidwa mu 1972, ndipo pa bwalo la Chichiri Museum ku Blantyre paima mutu wa sitima yoyendera nthunzi. Mabogi ambiri a nthawi ya atsamunda anapangidwa ku Britain, kumene bungwe la Historical Model Railway Society limasunga mapulani a mafakitale ena a mabogi. M'mphepete mwa masiteshoni mumapezekanso matupi a mabogi akale amene anasanduka mosungira katundu. Wogula zitsulo zakutha akafika, bogi lotere limatha tsiku limodzi.

Kulipulumutsa lonse kumafuna ndalama, malo ndi denga. Kulilemba kumafuna tepi yoyezera, kope ndi foni yojambula, pambuyo popempha chilolezo kwa eni malo. Ofufuza a ku America amalangiza kujambula mbali zonse zinayi molunjika, pansi ndi pamwamba ngati n'kotheka, kuika ndodo yoyezera pakhoma pojambula, ndi kukopera chilembo chilichonse, makamaka kachitsulo kolembedwa dzina la fakitale ndi chaka. Chotsatira ndi kufunsa amene anagwirapo ntchito: olumikiza mabogi, amisiri a m'mashedi, makalaliki ndi onyamula matumba. Iwowa ndiwo amadziwa bogi limene linkadontha mvula, limene chitseko chake chinkafuna amuna atatu, ndi mayina amene ankawatcha. Zimenezi m'mapulani mulibe, ndipo amene anagwira ntchito m'masiku a sitima za nthunzi akalamba tsopano.

Luso la manja silisowa m'madera ano. Mwana amene amapinda waya n'kupanga galimoto yokhala ndi chiwongolero chogwira ntchito wadziwa kale kuyang'ana chinthu chachikulu ndi kuchichepetsa osasokoneza maonekedwe ake. Mmisiri wa zidebe ndi mbaula amadziwa kudula lata ndi kuwotcherera. Chimene opanga timabogi a ku America anawonjezera pa luso lotere ndi chizolowezi chimodzi chokha, choyeza ndi kulemba asanayambe kudula, ndiponso kusunga zimene ayezazo pamalo pamene wina adzazipeze bogilo litapita.